Shawelo ya Mwamuna Amene Anaphedwa pa Foni

Mayi Amida, a m'mudzi wina wa kufupi ndi Nkhudzi, si munthu amene dzina lake limatchulidwa pamisonkhano. Sanakhalepo pampando wa komiti iliyonse, ndipo sukulu anaisiya asanafike pogwira bolopeni. Komabe zimene zinawachitikira iwo ndi amuna awo m'nyengo ya mwera wapitawu n'zoyenera kulembedwa, pakuti alipo anthu ena m'dera lino amene amayesa kuti wosauka alibe mbiri yoti n'kuipitsidwa.

Kuluka anakuphunzira ali mtsikana, poonerera mkazi wa mphunzitsi wina amene ankaluka tizipewa ta makanda pakhonde. Singano zolukira analibe, choncho amalume awo anawanolera pamwala masipoko a njinga yakufa, ndipo masipoko amenewo akadali nawo m'kachitini kufikira lero, ngakhale kuti tsopano ali ndi singano zenizeni. Ulusi wa m'sitolo sanauzolowere. Iwo amapita ku kaunjika ku boma n'kusankha majuzi oyera amene ena awakana chifukwa chobooka pachigongono. Asanatenge juzi amathothola kaulusi m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi. Kakanunkha ngati tsitsi lopserera, ndiye kuti ndi ubweya weniweni wa nkhosa. Kakasungunuka ngati jumbo, juzilo amalibweza pamulu, chifukwa ulusi wotero sumwa utoto. Ogulitsa ena amawanena kuti ndi mayi wotentha katundu, koma iwo salabadira. Akafika kunyumba amamasula juzilo mzere ndi mzere, kuchapa ulusiwo, ndi kuuyanika atamangirira mwala kunsi kwake kuti uwongoke.

Amuna awo ndi Che Wadi Sumani, a ku Namwera. Anatsikira kunyanja ali mnyamata kudzakoka ukonde wa chilimira, ndipo atakwatira anamanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo. Kumtunda anasiyako mlongo wawo, Abiti Sumani, mlimi wa fodya, amene sanaikhululukire nyanja, kapena tinene kuti sanawakhululukire mayi Amida, chifukwa chowatengera mchimwene wawo. Mayi Amida ndi alamu awowa ankapatsana moni wokwanira, osapitirira apo.

Pamene Che Wadi ankafika kunyanja anapeza akadalipo akuluakulu amene ankanyika maukonde m'makungwa owiritsa kuti asaole msanga, ndipo ntchitoyo anaiphunzira bwino lomwe. Maukonde a nayiloni atachuluka, luso limenelo linangotsala m'mutu mwawo, lopanda wolifunsa.

Kenaka kunabwera matenda. M'mawa wina akutsitsa usipa m'boti, Che Wadi anagwa pamchenga, ndipo pobwera kuchipatala mkono wamanzere unali utafa, mwendo akuchita kuukoka, pakamwa patapotoka pang'ono. Nzeru zawo sizinachoke, ndipo mawu anabwerera. Koma anthu a kudoko anayamba kuwatenga ngati mthunzi. Amuna amene kale ankakoka nawo chingwe chimodzi, akamadutsa pakhomopo ankafunsa mayi Amida kuti odwala adzuka bwanji, eniake ali chikhalire pamkeka pomwepo, makutu ali bwinobwino. Khalidwe limeneli ndi loipa, ndipo lafala pakati pathu.

Chimene chinawadzutsa pamkekapo ndi dandaulo la akazi awo. Tsiku lina mayi Amida anadandaula kuti zoluka zoyera sizichedwa kuda ndi fumbi la kuno. Che Wadi ananena kuti wina akawasendere makungwa a chitimbe. Kuyambira pamenepo kuseri kwa nyumba kunakhala mafuwa ndi mgolo wodulidwa pakati. Ndi dzanja limodzi lomwelo ankasinja makungwa, kuwaviika mpaka madzi atafiira, ndi kusonkhezera moto wofatsa, pakuti ubweya ukawira mobwadamuka umaundana n'kuuma ngati chikopa. Chitimbe chinkapereka mtundu wa katondo, mlombwa unkapereka wofiira, makoko a anyezi wachikasu, ndipo akafuna woderapo ankaponyamo misomali yadzimbiri yozula m'maboti akale. Muyeso wake sankauza munthu, ngakhale akazi awo. Ankangoviika chala n'kuchiyang'ana padzuwa. Dzanja lawo lamanja linasanduka lofiirira, zikhadabo zinada, ndipo sopo analephera. Mumgolo momwemo ndi mmene munagwera foni ya banjali kuchokera m'thumba la malaya awo, n'kutulukamo yofiira bwino koma yosalankhulanso. Anaseka onse awiri, osadziwa kuti kufa kwa foniyo kudzabala mlandu.

Zoluka za mitundu imeneyi zinaonedwa ndi Raymond, mwamuna wa pakamwa potsekemera amene ali ndi kasitolo ka ziboliboli panjira yopita kumalo ogona alendo. Iye anayamba kutenga timipango ta m'khosi ndi tizipewa kukagulitsa kwa alendo ochokera kunja. Tiyenera kunena zoona kuti pamalondawo sanawabere. Chimene anawabera ndi china.

Mwera utayandikira, mayi Amida anayamba kuluka shawelo yaikulu. Sinali yamalonda ayi. Inali ya amuna awo, chifukwa mphepo ya mwera imalowa m'phewa lakufalo n'kuwasowetsa mtendere. Anailuka yotakata kuti izikuta mapewa onse mpaka m'chiuno, mizere yofiira ikusinthana ndi ya katondo, ndipo pakati anaikapo timaenje tonga maso a ukonde, timene Che Wadi anachita kupempha okha. Ankaluka atakhala pafupi ndi mgolo uja, ulusi ukuchoka pachingwe choyanikira n'kulunjika kusingano, awiriwo akutsutsana ngati mzere wachikasu unali woyenera pa chofunda cha munthu wamkulu. Itatsala mphepete imodzi yokha, ulusi wofiira unatha. Mayi Amida anapisa kachingwe m'maso otsalawo kuti asamasuke, podikira kuti abambo anyike wina.

Ndi tsiku limenelo pamene Raymond anafika. Ataiona shaweloyo anagwira pakamwa, n'kupempha kuti aijambule, ndiponso kuti aibwereke ikakhale pakasitolo masiku ochepa monga chitsanzo. Mayi Amida anakana, koma iye anachonderera mpaka kukanako kunayamba kuoneka ngati mwano. Anawatengera kumchenga n'kuwakhazika pabwato lobooka atafunda shaweloyo. Anawauza kuti avule ndolo, abise kumbuyo mbali yosathayo, ayang'ane kunyanja, ndipo asamwetulire. Che Wadi anali atawatsatira ndi ndodo yawo, atavala kofia ndi malaya a Lachisanu, poganiza kuti wonyika ulusi naye ayenera kuoneka. Anaima pambali pa akazi awo n'kuwongola msana.

"Madala, tasunthirani uko pang'ono," anatero Raymond. "Mukutchinga kuwala."

Che Wadi anasuntha. Mawu amenewo anawalasa mayi Amida, koma anaugwira mtima chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu womwewo ndi umene akunong'oneza nawo bondo mpaka lero.

Zimene Raymond anachita nacho chithunzicho iwo sanazidziwe. Anachiika pamasamba a pafoni pamene alendo amayang'ana, ndipo pansi pake analemba m'Chingerezi kuti mayiyu ndi wamasiye, mwamuna wake anamira m'nyanja posachedwapa, ndipo tsopano amanyika ulusi yekha, kuluka yekha, akuyang'ana madzi amene anamulanda mnzake. Chithunzicho chinayenda foni ndi foni mpaka kukafika ku Joni, m'manja mwa Swadick, mwana wa Abiti Sumani, amene amagwira ntchito kumeneko. Swadick anazindikira nkhope ya akazi a amalume ake, anawerenga mawuwo, anaimba foni ija yofera mumgolo, ndipo itakana anaimbira amayi ake ku Namwera akulira.

Abiti Sumani anaona milandu iwiri. Woyamba unali woti mchimwene wawo waikidwa m'manda popanda uthenga kwa abale ake, ngati kuti anachita kutoledwa panjira. Wachiwiri unali woti mkazi wofedwa, amene ayenera kukhala m'nyumba pa eda kufikira miyezi yake itakwana, ali pamchenga kujambulitsa zithunzi. Ena anawalangiza kuti ayambe afunsa kwa munthu wina wa kunyanjako, koma iwo anati nkhani yotere safunsa pafoni. Anamanga mpunga ndi tambala wa sadaka, n'kukwera galimoto.

Anafika dzuwa lili pamutu, ndipo maliro anawayambira kumsewu. Mayi Amida anali kutsuka mbale. Ataona alamu awo akubwera akulira, anaganiza kuti ku Namwera kwagwa zovuta ndipo adzera kudzanena, choncho nawonso anayamba kulira n'kupita kukawachingamira. Oyandikana nawo atamva akazi awiri akulira pakhomo la munthu wodwala sanafunse kanthu. Akazi anathamanga n'kudzakhala pansi pabwalo, amuna anasonkhana chakumbali kwa nyumba, ndipo wina anali atanyamuka kale kukauza a shehe.

Ndi pamene Abiti Sumani anapukuta misozi n'kuyang'ana mayi Amida m'maso.

"Alamu, kulira ndakumvani. Tsopano ndilozereni pamene mwamuika mchimwene wanga. Ngakhale mbuzi ikafa, mwini wake amauzidwa."

Mayi Amida sanamvetse kuti akunena ndani.

Nthawi yonseyi Che Wadi anali kuseri, akutakasa ulusi wofiira wa mphepete ija. Phokosolo analimva, koma munthu wa mwendo umodzi sadzuka msanga. Anatenga ndodo n'kumayenda chogwira khoma, ndipo asanatulukire pangodya anamva mawu a amuna amene anaima mbali inayo. Anali anzawo a pachilimira. Mmodzi anati apumula, anavutika mokwana. Wina anati kunena zoona munthu uja anatha kalekale, ankangodikira tsiku. Wachitatu anafunsa motsitsa mawu ngati mgolo uja uli ndi woulonjezedwa kale, chifukwa ukhoza kuthandiza pofutsa usipa.

Che Wadi anatulukira. Abiti Sumani anataya tambala, n'kupita kukawagwira kumaso ndi manja onse awiri, kenaka n'kuyamba kuwakalipira chifukwa chokhala moyo osauza anthu. Ena anayamba kuseka mobisa. Che Wadi anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi, makamaka amuna a pangodya.

"Pitirizani," anatero. "Ine ndimangofuna ndione ngati kwabwera anthu ambiri."

Atatero analowa m'nyumba n'kugona choyang'ana kukhoma. Moto wa kuseri unazima wokha, ndipo ulusi unatsala mumgolo mpaka unaola.

Nkhani ya chithunzi inamveka madzulo omwewo, Swadick atachitumiza pafoni ya woyandikana nawo n'kumasulira mawu ake. M'mudzimo inasanduka nthabwala. Kudoko, kumjigo, ngakhale pa okwera kabaza, anthu ankasimba za maliro amene mwini wake anadzawaonerera. Kwa mayi Amida sizinali zoseketsa. Amuna awo sanapitenso kuseri kwa nyumba. Lachisanu linafika, kofia inakhala pamsomali. Chakudya ankangochilawa. Atawachonderera kuti adzuke, anayankha kuti Raymond sanalakwe kwenikweni, wangolemba zimene mudzi wonse umaganiza, ndipo munthu amene anzake amuwerengera kale mgolo wake alibe chifukwa chosonkhera moto. Mayi Amida anaona poyera kuti bodza lija likusanduka zoona m'nyumba mwawo, ndipo kuti akapanda kuchitapo kanthu mwera sudzatha amuna awo ali moyo.

Abiti Sumani sanabwerere ku Namwera. Manyazi a zimene anachita anawasandutsa mkwiyo, ndipo mkwiyowo unkafuna pogwera. M'mawa wina akazi awiriwa, amene chikwatirire Che Wadi anali asanayendepo njira imodzi mwakufuna kwawo, anamanga zitenje n'kulunjika kwa Raymond.

Anaipeza shawelo itapachikidwa pamwamba pa mvuu zosema, dzuwa likuiwomba, mbali yosatha ija itapindidwira mkati. Raymond anawalandira ndi mano onse pamtunda. Za maliro aja anali atamva, ndipo anali ataseka nawo.

"Mayi, musazitengere kumtima. Ine madala ndangowapha pafoni pokha. Kunyumba ali moyo, si choncho?"

Anapitiriza kufotokoza ngati mphunzitsi. Anati alendo sagula ndi maso okha, amagula ndi chisoni. Anati mkazi wamasiye amayenda malonda, koma mwamuna wamoyo sagulitsa kanthu, ndipo ankachita zimenezi pofuna kuwathandiza iwo omwe. Anawonjezera kuti mlendo wina waikonda kale shaweloyo ndipo abwera kudzaitenga. Abiti Sumani anamufunsa ngati bambo ake omubereka ali moyo, ndipo atavomera, anamupempha dzina lawo ndi mudzi wawo kuti akalengeze imfa yawo pamsika wa ku Monkey Bay, popeza kufa kwa pakamwa sikupweteka. Raymond anati zimenezo n'zosiyana. Anafunsidwa kusiyana kwake, ndipo anayamba kukonza mvuu zimene zinali zokonzeka kale.

Mayi Amida sanakweze mawu. Iwo sakweza mawu ngakhale poitana nkhuku.

"Mwananga, kundivula ndolo ndinalola, kundiletsa kuseka ndinalola. Koma mtundu uli pa shaweloyi si wanga. Mwamupha munthu, n'kumulandanso ntchito ya dzanja limodzi limene Mulungu anamusiyira."

Anatenga ndodo yokowera katundu ya Raymond yemweyo n'kuitsitsa shaweloyo. Iye anawachenjeza kuti akatero ataya msika, ndipo sadzapeza wina wowagulitsira zoluka zawo kwa alendo. Mayi Amida anaipinda bwinobwino n'kuiika kukhwapa.

"Msika wa akazi amasiye ndidzaupeza nthawi yake ikadzakwana," anatero. "Panopa sindinayenere."

Atafika kunyumba sanachondererenso. Anawafunditsa amuna awo shaweloyo mmene inalili, n'kuwauza kuti akufa amakulungidwa m'sanda yoyera, imene siifuna wonyika. Anati ngati abambo agwirizana ndi Raymond, palibe chifukwa chodikira ulusi wofiira, mphepete yotsalayo aimaliza ndi woyera kuti iyambe kuzolowera. Sankanena mwachipongwe. Anatengadi mpira wa ulusi woyera, anakhala pamphasa pafupi ndi miyendo ya amuna awo, anasolola kachingwe kaja n'kulowetsa singano. Mzere woyera unayamba kukula pansi pa wofiira, wowala ngati bandeji pabala.

Che Wadi anapirira mzere woyamba. Wachiwiri uli pakati anatembenuka.

"Amake Farida, mukuipitsa."

Mayi Amida anayankha kuti wonyika anamwalira, anamira m'nyanja, ndipo dziko lonse mpaka ku Joni likudziwa. Anapitiriza kuluka. Che Wadi anafunsa chimene Raymond ananena atafunsidwa. Mayi Amida ankafuna kubisako zina, koma Abiti Sumani, amene anaima pakhomo, anabwereza zonse osasiya liwu, mpaka paja poti mwamuna wamoyo sagulitsa kanthu. Che Wadi anakhala tsonga. Anayang'ana dzanja lawo lofiiralo kwa nthawi yaitali, kenaka analamula kuti zoyerazo zimasulidwe, ndipo tambala uja aphedwe, chifukwa sadaka ya munthu siyenera kumangoyendayenda pabwalo ikudya chimanga chake. Anadya bwino tsiku limenelo. Anadandaula chabe kuti tambalayo anali wowonda, ndipo anauza mlongo wawo kuti pa sadaka yeniyeni adzayesetse.

M'mawa mwake anaitanitsa amuna aja a pangodya, kuphatikizapo amene ankafunsa za mgolo, n'kuwapempha mwaulemu kuti awanyamulire mgolowo pamodzi ndi mafuwa ake. Palibe anakana. Anakautula pansi pa mtengo wa bwemba umene uli tsidya lina la njira, moyang'anizana ndi kasitolo ka Raymond. Pamenepo Che Wadi anasonkha moto, anasinja mlombwa, ndipo ananyika ulusi wa mphepete ija aliyense akuona, akazi awo atakhala pambali ndi singano zawo, ndolo zili m'makutu.

Kuyambira tsiku limenelo ndi pamene amagwirira ntchito. Alendo akaima pakasitolo, utsi ndi fungo la makungwa zimawakokera tsidya linalo. Che Wadi amakweza dzanja lofiira lija kuwapatsa moni, n'kuitana mnansi wawo wa ziboliboliyo.

"Raymond, tawamasulirani awa. Auzeni kuti ine ndi malemu aja."

Raymond amanamizira kusamva. Chithunzi chija anachichotsa, koma kupepesa sanapepese, ndipo chimene chalowa m'mafoni a anthu sichibwezedwa ngati mbuzi yosochera. Mpaka lero kumabwera anthu ochokera kutali amene amawagwira dzanja mayi Amida mwachisoni. Zoluka zawo siziyenda monga zinkayendera pa nthawi ya bodza ija, ndipo izi n'zochititsa manyazi, osati kwa iwo, koma kwa ogulawo. Akuti pakasitolo paja tsopano pali madengu a mayi wina wamasiye wa ku Lungwena. Ngati mwamuna wake akudziwa, sitinamve.

Mphepete ija inatuluka yodera kuposa shawelo yonse, chifukwa tsiku limenelo Che Wadi anaponyamo misomali mosayesa ndi chala. Mayi Amida ataiona itauma anafuna kuti anyikenso ina yofanana ndi mizere yoyamba, koma eniake anakana, ndipo inalukidwa momwemo. Amaifunda popita kumzikiti Lachisanu, mbali yoderayo ili paphewa lakufa. M'mudzimo ambiri amawatchula kuti a Malemu, ndipo iwo amavomera. Akadalipo ena amene amaiwala n'kufunsa mayi Amida kuti odwala adzuka bwanji. Mayi Amida sayankhanso funso limenelo. Amangopitiriza kuluka, n'kuloza ndi singano kumene kuli mgolo.